MSONKHO UKALOWA M'NYUMBA MWATHU

Phunziro la magulu a amayi a Mothers' Union

Mau owerenga: Nehemiya 5:1-13, Mateyu 22:15-22, Luka 3:12-14, Machitidwe 5:1-11

Cholinga cha phunziro: Kuti mayi aliyense adziwe misonkho imene banja lake limapereka, azisunga mapepala ake, ndiponso kuti iye ndi bambo a kunyumba azikambirana za ndalama poyera.

Mau oyamba

Mau oti msonkho ambiri a ife timawamva pa wailesi nthawi ya bajeti, ndipo timaganiza kuti ndi nkhani ya anthu ovala mataye a ku Msonkho House m'tauni muja. Koma tikayenda m'makomo mwathu muno mu Chemusa, ku Mbayani, ku Chirimba, ku Ndirande kaya ku Chilomoni, tipeza kuti msonkho udalowa kale m'nyumba iliyonse. Uli pa malipiro a bambo. Uli pa sopo ndi pa mayunitsi a foni. Uli pa tikiti ya mumsika, ulinso pa tinyumba timene tikuchititsa lendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi, amene amagawa ndalama ya ndiwo tsiku ndi tsiku, ndiye amakhala womaliza kudziwa za zimenezi. Ambiri amazidziwira pa maliro a mwamuna wawo, nthawi imene wofunsa palibe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni lero tifunse.

1. Kodi Baibulo likutiuza zotani?

Pa Nehemiya 5 tikuwerenga za kulira kwakukulu kumene kudabuka mu Yerusalemu nthawi yomanga linga. Taonani kuti amene adadandaula sadali amuna okha. Akazi awo adali nawo pomwepo. Ena adali atapinyolitsa minda ndi nyumba zawo kuti apeze chakudya pa njala. Ena adali atakongola ndalama kuti alipire msonkho wa mfumu, ndipo ngongoleyo itawakanika, ana awo aakazi adayamba kutengedwa ukapolo. Nehemiya atamva adakwiya, adaitanitsa msonkhano, nalamula olemera kuti abweze minda ija. Zinthu zidasintha chifukwa amayi ndi abambo adadziwa pomwe padali vuto, ndipo adayankhula.

Pa Mateyu 22 Afarisi adafuna kukola Ambuye Yesu ndi funso la msonkho wa Kaisara. Iye adaitanitsa ndalama, nawafunsa za nkhope imene idali pamenepo, kenaka nawauza kuti Kaisara alandire zimene zili zake, Mulungunso alandire zake. Choncho Mkhristu sazemba msonkho. Koma mauwo ali ndi malire: boma lilandire gawo lake lokha, osati zonse. N'chifukwa chake Yohane Mbatizi, pa Luka 3, adauza okhometsa msonkho kuti asamatenge zopitirira zimene adalamulidwa. Malamulo a Mulungu akumanga wopereka ndi wolandira yemwe.

Pa Machitidwe 5 pali Hananiya ndi Safira, banja limene lidagwirizana kunama za mtengo wa munda. Nkhaniyi si ya msonkho wa boma, koma ikutiphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi angathe kumvana pa bodza, ndipo kumvana kotere n'kwa imfa. Umodzi umene tikufuna m'banja ndi wa pa choonadi.

2. Mantha amene tidatengera kwa makolo

Si zachabe kuti Amalawi ambiri akamva za msonkho mtima umagunda. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene udali masheleni atatu pa chaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adaukweza kufika masheleni asanu ndi limodzi, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankamuchotsera theka. Kuchotserako kudali nyambo yokokera anthu ku minda ya azungu. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, ndipo m'madera ambiri ankagwira mkazi wake n'kumusunga ku boma mpaka mwamuna atabweretsa ndalama. Amuna ambiri adapita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ya msonkho, ena osabwerako, n'kusanduka machona. Msonkho ndi thangata zidali pakati pa madandaulo amene adautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Titalandira ufulu mu 1964, msonkho wa mutu wa mwamuna aliyense wamkulu udapitirira, ndipo amayi achikulire pakati pathu akukumbukira amuna akuthawira kuthengo amesinjala akafika m'mudzi. Msonkho umenewu udatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Bungwe la Malawi Revenue Authority, kapena kuti MRA, lidayamba ntchito mu 2000. Lero palibe amene amagwira mkazi chifukwa cha msonkho wa mwamuna wake, koma mantha aja adatsalira m'mitima. Mantha amenewa ndiwo amatithawitsa ku maofesi, n'kutiponya m'manja mwa madobadoba.

3. Msonkho wa pa malipiro

Munthu wolembedwa ntchito amapereka msonkho wotchedwa PAYE. Abwana ake amaudula mwezi uliwonse malipiro asadafike m'manja, ndipo lamulo likuti akaupereke ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Msonkhowu sudulidwa pa ndalama zonse. Pali gawo loyamba la malipiro limene silikhudzidwa. Mu 2019 gawoli lidali K45,000 pa mwezi. Mu 2020 lidakwera kufika K100,000, mu 2024 lidafika K150,000, ndipo kumapeto kwa 2025 Nduna ya Zachuma idalengeza K170,000. Nyumba ya Malamulo imasintha ziwerengero zimenezi, choncho nthawi ya bajeti tizitchera khutu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, potsata mitengo ya mu 2024. Bambo wolandira K300,000 pa mwezi sankadulidwa kanthu pa K150,000 yoyamba. Pa K150,000 yotsalayo ankadulidwa K25 pa K100 iliyonse, kutanthauza K37,500. Kupatula apo pali penshoni, imene si msonkho ai, koma ndalama yake yomwe yosungidwa: wantchito amaika K5 pa K100 iliyonse, abwana n'kuonjezera K10. Zonsezi zimalembedwa pa pepala la malipiro, limene ambiri timangoti peyisilipi.

Tidziwenso kuti kukwera kwa gawo losadulidwa sikutanthauza kuti m'poto mwachuluka. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo zinthu mumsika zidakwera kuposa malipiro. Mayi amene sadziwa zimenezi amaganiza kuti bambo akubisa ndalama. Bambo amene sakufuna kuonetsa pepala amapatsa mkazi wake chifukwa choganizira motero.

Palinso msonkho umene tonse timapereka, ngakhale amene sitili pa ntchito. Umenewu ndi VAT, umene udalowa m'malo mwa surtax mu 2005. Kwa zaka zambiri udali K16.50 pa K100 iliyonse, ndipo bajeti ya kumapeto kwa 2025 idaukweza kufika K17.50. Umabisala mu mtengo wa katundu wa m'sitolo. Tikagula m'sitolo yaikulu tiziitanitsa lisiti, chifukwa popanda lisiti sitidziwa ngati msonkho umene tapereka wafika ku boma.

4. Kodi boma limabweza ndalama?

Abale athu a kunja amatiuza zoti kumeneko boma limachotsera msonkho anthu a mabanja. N'zoona. Ku South Africa, munthu wolipira thumba la chipatala amachotseredwa msonkho malinga ndi chiwerengero cha anthu amene akuwalipirira. Ku Britain kudali thandizo la ana lodzera ku ofesi ya msonkho kuyambira 2003 mpaka 2025, pamene adalilowetsa mu thandizo lina. Kuno kwathu PAYE sawerenga ana. Bambo wa ana asanu ndi mnyamata wosakwatira, akamalandira mofanana, amadulidwanso mofanana.

Komabe ilipo ndalama imene banja lingathe kubwezeredwa, ndipo amayi ambiri a geni sakuidziwa. Mayi akasoka mayunifolomu a kampani, akaphikira msonkhano wa bungwe, kapena akachititsa lendi nyumba kwa kampani, olipirawo amadula kachigawo ka ndalama zake n'kukapereka ku MRA m'dzina lake. Umenewu ndi withholding tax. Kawirikawiri ndalamayi imakhala ngati chikole cha msonkho wa chaka chonse. Odulawo ayenera kumupatsa mayiyo chikalata chosonyeza kuchuluka kwa zimene adula, ndipo chikalatacho chikhale ndi nambala yake ya msonkho, yotchedwa TPIN.

Chaka chikatha, munthu wa bizinesi amalemba fomu yofotokoza ndalama zimene zidalowa, zimene adaononga poyendetsa bizinesi, ndi phindu limene lidatsala. Fomuyi imayenera kufika ku MRA pasadathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha, ndipo masiku ano imatumizidwanso pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Tiyerekeze kuti pa chaka chonse mayi adadulidwa K60,000, koma atawerengera phindu lake lenileni zapezeka kuti msonkho wake ndi K40,000. K20,000 yapamwambayo ndi yake. Angathe kupempha kuti amubwezere, kapena kuti iwerengedwe pa msonkho wa m'tsogolo. Koma ngati alibe TPIN, ngati zikalata zija adakulungira mandasi, ngati sadalembe fomu, ndalamayo yapita. Madzi akatayika saoleka.

Wolandira malipiro okha nthawi zambiri nkhani yake imathera kwa abwana. Koma amene ali ndi ndalama zina, monga za lendi kapena za golosale, adziwe kuti lamulo limaziwerenganso. Kuchedwa kulemba fomu kuli ndi chindapusa, ndipo ngongole ya msonkho imabereka chiongoladzanja.

5. Zimene taona m'maanja mwathu

Pa maulendo athu oyendera odwala ndi ofedwa takumana ndi nkhani zambiri. Titchulepo zinayi, popanda maina.

Banja loyamba lidatsala pang'ono kutha. Mayi adamva kwa mkazi wa mnzake wa bambo kuti kuntchito adakweza malipiro, koma ndalama ya pakhomo idali yomwe ija. Nkhani idafika kwa ankhoswe. Bambo atatulutsa peyisilipi, zidapezeka kuti gawo lina lidapita ku msonkho ndi ku penshoni, ndipo gawo lalikulu linkadulidwa ndi ngongole imene adatenga pa maliro a mayi awo osamuuza mkazi. Mkazi wachibwenzi padalibe. Chimene chidasautsa banjali kwa miyezi isanu ndi umodzi chidali pepala lobisidwa m'thumba la jekete.

Wachiwiri ndi mayi wosoka zovala, amene kwa zaka zitatu ankasokera bungwe lina. Nthawi zonse cheke chinkabwera chopereweza, iye n'kumangodandaula kuti akumubera. Mwana wake atafika ku sekondale ndiye adawerenga timapepala timene tinkabwera ndi chekecho, napeza kuti tidali zikalata za msonkho. Zina zidali zitatayika. Zimene zidatsala zidamuthandiza atalembetsa TPIN. Lero ali ndi kope limene amalembamo nsalu, ulusi, zipi ndi thiransipoti, ndipo akudziwa phindu lake.

Wachitatu ndi mayi wamasiye. Bambo adasiya nyumba ndi tinyumba ta lendi, koma mapepala onse ankasunga okha ku ofesi. Maliro atatha kudabwera kalata ya ngongole ya msonkho wa malo wa zaka zingapo. Mayiyo sadadziwe ngati bambo adalipirako kapena ai, chifukwa lisiti ngakhale imodzi padalibe. Achibale a mwamuna adatengerapo mwayi, namuuza kuti agulitse malowo kuti ngongole ithe. Iye pothedwa nzeru adapita kwa wakatapila. Tonse tikudziwa kumene njira ya katapila imathera. Ndi yomwe ija ya pa Nehemiya 5. Tikumbukire kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 likuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma lamulo limathandiza msanga mayi amene ali ndi mapepala m'manja.

Banja lachinayi lidachita bwino. Bambo ndi mayi adagula fayilo ya pulasitiki, naikamo mapeyisilipi, malisiti a khonsolo, mapepala a malo, fomu ya penshoni yosonyeza olandira ndalama bambo akadzamwalira, mtchatho wa ukwati ndi makadi a ubatizo a ana. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, khoma la nyumba yawo lidagumuka ndipo katundu wambiri adaonongeka, koma mayi adatuluka ndi fayiloyo ataimanga m'chitenje. Pokonza moyo wawo sadayambire pa kulumbira m'maofesi kuti iwo ndi ndani.

6. Kupereka ndi kufunsa

Tikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri. Tiperekerenji, pamene ena akudya? Funsoli ndi loona. Mu 2013 dziko lonse lidamva za kubedwa kwa mabiliyoni a boma ku Capital Hill, nkhani imene idatchedwa Cashgate. Ndalamazo zidali za mphunzitsi wodulidwa PAYE ndi za mayi wogula sopo. Tikapita ku Queens n'kuuzidwa kuti mankhwala tikagule, kapena tikaona zinyalala zitaunjikana pa msika pamene tikiti tikudula tsiku lililonse, mtima umawawa.

Koma tchimo la wakuba silitipatsa ife chilolezo chonama pa fomu kapena kupereka chiphuphu kuti katundu adutse. Mayi wovala yunifolomu ya Mothers' Union akachita zimenezi waipitsa dzina la Khristu, ndipo ana ake akuona. Njira yathu ndi ya amayi a m'nthawi ya Nehemiya: kupereka mwachilungamo, kenaka kufunsa mopanda mantha. Amene wapereka ali ndi ufulu wofunsa khansala, phungu ndi a khonsolo ya mzinda kuti ndalama zagwira ntchito yanji. Kuyankhula kumapindula. Mu 2022, anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, boma lidachotsa VAT pa mafuta ophikira ndi madzi a m'mipopi, lidachotsanso misonkho ina pa mapadi a amayi.

Tisasokonezenso msonkho ndi chopereka cha ku tchalitchi. Msonkho ndi wa lamulo, chopereka ndi cha chiyamiko. Wina asanene kuti popeza boma landidula, Mulungu adikire. Banja likhale pansi, lione zimene zatsala m'manja, ndipo lipatule za Mulungu mogwirizana.

Mary Sumner, poyambitsa bungwe lathu ku Old Alresford mu 1876, adafuna kuti amayi azithandizana kulera ana ndi kulimbitsa maukwati. Kuthandiza mayi mnzathu kuwerenga peyisilipi ndi gawo la ntchito yomweyo. Mutu umodzi susenza denga.

Zoti tichite mwezi uno

1. Tipeze nthawi yabwino, ana atagona, yopempha bambo mwaulemu kuti tionere limodzi pepala la malipiro. Ifenso tiulule za geni yathu, za ku banki mkhonde ndi ngongole zimene tili nazo. Tisafune kuona za anzathu pamene zathu tamanga kumpango.

2. Tigule fayilo kapena jumbo yolimba yosungiramo mapepala onse a banja. Bambo, mayi ndi mwana wamkulu adziwe pamene ikukhala.

3. Amene tili ndi geni tiyambe kope la zolowa ndi zotuluka. Amene timagulitsa ku makampani ndi mabungwe tilembetse TPIN, ndipo tikadulidwa msonkho tiziitanitsa chikalata.

4. Tikafuna thandizo tipite tokha ku ofesi ya MRA kapena ya khonsolo, kapena tiperekezane. Ndalama iliyonse imene tapereka ituluke ndi lisiti.

5. Tichenjere ndi a mafoni onena kuti boma likufuna kutibwezera msonkho, koma tiyambe tatumiza kandalama kapena titchule nambala yathu yachinsinsi. Amenewo ndi akuba.

6. Gulu lililonse lipemphe abambo wansembe kuti atipezere Mkhristu wa m'parishi wodziwa za maakaunti, adzatiphunzitse tsiku limodzi la msonkhano.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani abambo ena amabisa malipiro awo? Kodi pali zimene ife amayi timachita zimene zimawaopsa kuulula?

2. Bambo a kunyumba atadwala mwakayakaya lero, kodi tikudziwa kumene kuli mapepala a nyumba, a penshoni ndi a msonkho?

3. Pa Luka 3:12-14 Yohane sadauze okhometsa msonkho kuti asiye ntchito. Kodi ana athu ndi amuna athu ogwira ntchito zotolera ndalama za boma tingawalangize zotani?

4. M'gulu mwathu muli amayi amasiye angati amene akuvutika ndi mapepala? Ndani awaperekeze, ndipo liti?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, mwini siliva ndi golide, tikuyamikani chifukwa cha ntchito za manja athu ndi za amuna athu. Chotsani chinsinsi ndi kukayikirana m'nyumba zathu. Tipatseni mtima woona popereka zimene tiyenera kupereka, ndi kulimba mtima pofunsa za chilungamo. Muwapatse mantha a Inu onse amene amasunga chuma cha dziko lino. Kumbukirani amayi amasiye, ana amasiye ndi onse olemedwa ndi ngongole. Tikupempha mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.